Sheya yatsika masabata asanu: kodi nthawi yokwera yakwana?

Achimwene, mwati sheya yomwe munagula pa K200 yakhala ikutsika masabata asanu otsatizana mpaka yafika pa K100, ndiye mukufuna kuwonjezera ina poti "nthawi yake yokwera yakwana". Itha kukwera, itha osakwera, koma chifukwa mwaperekacho n'chosagwira.

Tengani ndalama yachitsulo. Mwayi woti igwere mbali imodzi yomwe mwasankha kasanu kotsatizana ndi 1 pa 32. Koma ikagwa kale kasanuko, mukaiponyanso mwayi udakali theka kwa theka, chifukwa ndalama sikumbukira dzulo. Pa 18 Ogasiti 1913, ku kasino ya Monte Carlo, pa juga ya roulette, momwe kampira kamagwera pa amodzi mwa malo 37 a gudumu lozungulira, kampirako kanagwera pakuda ka 26 kotsatizana. Anthu ankangothira ndalama pofiira poganiza kuti pachedwa, ndipo anapsa kwambiri, pomwe mwayi wa pofiira unali womwewo nthawi zonse: malo 18 pa 37. Kuganiza kolakwika kumeneku akatswiri amakutcha gambler's fallacy. Osewera kandege amene amati "kaphulika msanga kasanu, ulendo uno kapita patali" akudwala matenda omwewa.

Sheya ndiye nkhani yake imaposa apa, chifukwa nthawi zina imatsika pa zifukwa zenizeni: phindu la kampani lachepa, ngongole zaipanikiza, kapena ikusowa ndalama zakunja zogulira zipangizo. Zikatero kutsikako kutha kupitirira.

Koma ndikuona kuti chomwe chakugwirani kwenikweni ndi K200 ija. Mtengo umenewo uli m'mutu mwanu mokha, msika suudziwa n'komwe. Akatswiri a kaganizidwe ka anthu Daniel Kahneman ndi Amos Tversky anasonyeza mu 1979 kuti munthu amayeza phindu ndi kuluza poyambira pomwe waima, ndipo mu 1992 anayerekeza kuti kutaya ndalama kumapweteka koposa pang'ono kawiri kuyerekeza ndi kukoma kopeza ndalama yomweyo. N'chifukwa chake anthu amathamangira kugulitsa sheya yomwe yakwera, n'kukakamira yomwe yagwa, kuopa kuvomereza kuti aluza. Katswiri wa zachuma Terrance Odean anaunika maakaunti 10,000 a ogula masheya a ku America a zaka za 1987 mpaka 1993, ndipo anapeza kuti m'chaka chotsatira, masheya opindula omwe anthu anagulitsa anachita bwino ndi 3.4 peresenti kuposa oluza omwe anasunga. Kukakamirako kunawadyera ndalama.

Masamu ake nawonso amapusitsa. Kuchoka pa K200 kufika pa K100 ndi kutsika kwa 50 peresenti, koma kuti mubwerere pa K200 pafunika kukwera kwa 100 peresenti. Ndipo K200 ya zaka ziwiri zikubwerazi sidzagula zomwe K200 yanu ikanagula tsiku lija. Kumbukirani kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti pa tsiku limodzi.

Chitani izi. Iwalani mtengo wogulira, mudzifunse kuti: ndikanakhala ndi ndalamayi m'manja lero, kodi ndikanagula sheya imeneyi pa K100? Poyankha, tsegulani malipoti a kampaniyo a zaka zitatu, muone ngati phindu pa sheya iliyonse likukwera kapena kutsika, ngati dividendi (gawo la phindu lomwe kampani imagawira eni masheya) ikuperekedwabe, komanso kukula kwa ngongole. Muwerenge dala zomwe zikutsutsana ndi maganizo anu, chifukwa diso limakonda kuthamangira zotivomereza. Onaninso masheya ena a mtundu womwewo: ngati mabanki onse atsika limodzi ndi nkhani ina, ngati yatsika yanu yokha ndi nkhani inanso.

Mukaganizabe zowonjezera, lembani papepala musanagule chifukwa chake, malire a ndalama yomwe muikepo, ndi chinthu chomwe chikachitika mugulitsa. Muwerengerenso komishoni ya broker (amene amakugulirani ndi kukugulitsirani masheya) pogula ndi pogulitsa pomwe. Pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange masheya ena amatha masiku osapeza wogula, choncho musaikepo ndalama ya fizi kapena ya feteleza yomwe mukuifuna miyezi ikubwerayi.