Kwa achimwene a kabaza amene afunsa za inshuwalansi

Achimwene, funso lanu ndalimva. Mwati mumayendetsa kabaza wa njinga yamoto pa Mangochi Boma, mayi akunyumba amapikula usipa kunyanja n'kukagulitsa ku Limbe, nonse awiri mulibe abwana okudulirani kalikonse pakutha pa mwezi, ndiye mukufuna kudziwa inshuwalansi yomwe ingakuthandizeni. Ena akuyankhani kale kuti mungogula third party basi. Yankho limenelo ndi loperewera, ndipo lasiya mabanja ambiri pamavuto. Mundipirire, ndilemba motalikirapo.

Munthu wolembedwa ntchito lamulo limamuteteza ngakhale iye asakudziwa. Abwana ake amayenera kumuikira 10 peresenti ya malipiro ake ku penshoni, iye n'kuwonjezerapo 5 peresenti, komanso kumulipirira inshuwalansi ya moyo. Akavulala pantchito pali lamulo la chipukuta misozi, Workers' Compensation Act ya 2000. Ife odzilemba tokha ntchito, kaya a kabaza, ojambula zithunzi m'maukwati, oyendetsa alendo ku Cape Maclear, amisiri a nyumba kapena a geni ya nsomba, zonsezi tilibe. Tsiku lomwe sitinadzuke kukagwira ntchito, pakhomo sipalowa ndalama. Ndiye chinthu choyamba kuchiteteza ndi thupi lanulo, chifukwa ndi lomwe limadyetsa banja. Njinga ibwere pambuyo.

Komabe tiyambe ndi third party, poti ndi lamulo. Road Traffic Act ya 1997 imati galimoto kapena njinga yamoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale nayo. Ntchito yake ndi kulipira munthu wina amene inu mwamuvulaza kapena kumuwonongera katundu. Mukagunda mwana wasukulu pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, kapena mukaphwanya nyali ya galimoto ya munthu, kampani imalipira iwowo. Mwendo wanu ukathyoka pangozi yomweyo simulandira ngakhale tambala, ndipo njinga mukonzetsa nokha. Ilinso ndi malire a ndalama omwe amalembedwa m'mapepala ake. Khoti likagamula ndalama yoposa malirewo, yotsalayo amadzakutsatani inuyo.

Apa pali msampha womwe a kabaza ambiri amagweramo. Pogula, munthu amangoti ndi njinga yanga yoyendera, pofuna mtengo wotsika. Ngozi ikachitika atanyamula kasitomala, kampani imati tinagwirizana za njinga yoyendera, osati yonyamula anthu olipira, ndipo imakana kapena imalipira wovulalayo n'kubwera kudzaitanitsa ndalamayo kwa mwini njinga. Auzeni poyera kuti ndi ya kabaza, ndipo muwafunse ngati wokwera kumbuyo ali m'gulu la otetezedwa. Akuonetseni pamene zalembedwa. Laisensi yanu ikhale yeniyeni ya njinga yamoto, njinga ikhale yolembetsedwa ku Road Traffic ndi nambala yake. Tonse tikudziwa kuti njinga zambiri za kuno zinalowera pachipata cha m'malire cha Chiponde popanda mapepala a MRA, bungwe lotolera misonkho. Yotere ndi yovuta kulembetsa, ndipo yosalembetsa kampani yolongosoka singaipatse inshuwalansi. Kukweza anthu atatu pa Lifo imodzi kapena kuyendetsa mutalawako, zimenezonso zimapatsa kampani chifukwa chokanira.

Tsopano yomwe ndikufuna muiganizire kwambiri ndi ya ngozi za pathupi, yomwe amaitcha personal accident. Amene munadikirirapo wodwala ku wodi ya amuna mukudziwa zomwe ndikunena. Mabedi angapo amakhala a anyamata a njinga, mwendo uli m'chikhakha kapena atauyimika ndi zitsulo, mkazi atakhala pamkeka pansi ndi kapoto ka phala. Fupa la ntchafu silipola sabata imodzi, limatenga miyezi. Zoona, m'zipatala za boma chithandizo ndi chaulere, koma akakutumizani ku Zomba Central kapena ku Queens, wokudikirirani amafunika thiransipoti ndi chakudya. Wodikirirayo ndi mayi aja a usipa, ndiye geni yawonso yaima. Lendi ikudikira, fizi ikudikira, ndipo mapeto ake njinga ija imagulitsidwa motchipa kuti anthu adye. Ndaona banja loyandikana nalo likuchita kugulitsa malata omwe linasungira nyumba, chifukwa cha mwendo umodzi. Zimandipweteka chifukwa bambowo anali ndi pepala la inshuwalansi m'thumba, ndipo ankakhulupirira kuti ndi lawo lowathandiza. Linali la third party.

Personal accident imapereka ndalama kwa inuyo mukalumala, kapena kwa banja lanu mukamwalira pangozi. Zina zimathandizanso pa bilu ya kuchipatala, zina zimapereka kandalama pa sabata nthawi yomwe dokotala walemba kuti simungagwire ntchito. Gawo lomalizali ndi lomwe limathandiza munthu wodzilemba yekha, choncho mulifunse mwachindunji. Chenjerani, makampani ena amachotsamo ngozi za njinga yamoto kapena amakweza mtengo akamva kuti ndinu a kabaza. Musabise, ndi bwino akukanireni lero kusiyana ndi tsiku lomwe muli pabedi. Makampani ogulitsa inshuwalansi zoterezi alipo angapo, monga NICO General, General Alliance, Britam, CIC, Reunion, UGI ndi Prime. Funsani mitengo kwa atatu kapena anayi. Ndipo mukapita ngati gulu, anyamata onse a pasiteji yanu ndi komiti yawo, kampani imakumverani bwino ndipo mtengo wa munthu mmodzi umatsika kusiyana ndi kupita nokhanokha. Ndalama zomwe mumasonkherana pasiteji mnzanu akagwa m'vuto ndi chiyambi chabwino kale.

Za medical aid, inshuwalansi yolipira mabilu a kuchipatala, monga ya bungwe la MASM, munthu payekha akhoza kulowa, ndipo imathandiza ku zipatala zolipira ndi za mishoni monga Koche kapena St Martin's ku Malindi. Koma imafuna kulipira mwezi ndi mwezi osadumphitsa, ndipo ili ndi nthawi yodikira musanayambe kuthandizidwa pa zina. Kwa ndalama za kabaza, ine sindingaiike patsogolo. Idzabwere zinazi zikakhazikika.

Ya maliro ndi ya moyo ndiye yotsika mtengo mwa zonse, ndipo imagulitsidwa ndi makampani ngati NICO Life, Old Mutual, Vanguard Life ndi Smile Life. Zina zimapereka ndalama, zina zimapereka bokosi ndi galimoto yonyamula maliro. Kuno kwathu ambiri ndife Asilamu, timaika maliro tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, ndipo bokosi lodula sitilifuna. Zofunika ndi sanda, mayendedwe, chakudya cha anthu, ndi kena koti ana atsale nako. Ndiye ngati ndinu Msilamu sankhani yopereka ndalama m'manja. Ngati mtima ukukayika pa nkhani ya chipembedzo, kambiranani ndi ashehe anu, ndipo mufunse makampani ngati ali ndi dongosolo la takaful, lomwe limatsata malamulo a Chisilamu. Polemba mayina a odzalandira, lembani mayi ndi ana monga momwe mayinawo alili pa chiphaso cha unzika. Chilembo chimodzi chikasiyana, mayi wamasiye amayendera ndalama yake miyezi. Muwauzenso komwe mapepala mwasunga. Inshuwalansi yomwe akunyumba sakuidziwa palibe amene adzaitsate.

Chomwe chimapha ambiri a ife ndi kudumphitsa kulipira inshuwalansi. Ndalama zathu siziyenda mofanana chaka chonse. Mwera ukalimba mu June ndi July asodzi salowa m'madzi, usipa umasowa. Nthawi ya mvula nsomba siziuma pathandala, misewu ya kumidzi imaterera, makasitomala amachepa, January ndi February aliyense akulira. Mukalephera kulipira miyezi ingapo yotsatana, policy, womwe ndi mgwirizano wanu ndi kampani, imafa, ndipo mukayambiranso nthawi yodikira ija ikhoza kuyambanso pachiyambi. Choncho musatenge yaikulu pofuna kuoneka bwino pamaso pa ejenti. Tengani yomwe mungakwanitse m'mwezi wanu woipitsitsa, kapena pemphani kulipira ya chaka chonse kamodzi nthawi yokolola, pamene ndalama ikuyenda.

Pa usipa wa mayi, inshuwalansi ya katundu wa paulendo ilipo, koma nthawi zambiri imateteza ku ngozi ya galimoto, moto kapena kubedwa, osati nsomba kuwola kapena mtengo kugwa pamsika. Kwa munthu wonyamula matumba ochepa, banki m'khonde yokhala ndi thumba la zadzidzidzi imathandiza msanga. Koma ngati anatenga ngongole ku SACCO kapena ku bungwe la ngongole, afunse ngati pa ndalama zomwe anawadula palibe ya inshuwalansi ya ngongoleyo. Kawirikawiri imakhalapo, ndipo wokongola akamwalira ngongole imathetsedwa. Mabanja ena amavutika kubweza ngongole ya malemu yomwe inali yotetezedwa kale, chabe chifukwa palibe anafunsa.

Comprehensive, yomwe imalipira njinga yanu ikaphwanyika, ikapsa kapena ikabedwa, ndi yabwino ngati njinga ndi yatsopano kapena ya ngongole, makamaka ndi umbava wa njinga womwe wakula usiku. Dziwani kuti pali gawo lomwe mumalipira nokha pa claim iliyonse (pempho loti kampani ikulipireni), lomwe amati excess. Ndipo mtengo wa njinga muziukonzanso chaka chilichonse. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama yomwe munthu analembetsa chaka chapitacho sikanagulanso njinga yofanana nayo. Anzathu a makamera, mafiriji ndi injini za maboti, kumbukirani momwe nyanja inakwerera mu 2024 n'kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za m'mbali mwa gombe. Funsani ngati madzi osefukira alimo m'mgwirizano wanu.

Pogula, onetsetsani kuti kampani ndi ejenti wake ndi ovomerezeka ndi Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira makampani onse a inshuwalansi. Kumenekonso ndi kokadandaula kampani ikamakuzembani. Ndalama musatumize pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu payekha, tumizani ku akaunti ya kampani, ndipo mulandire risiti ndi mapepala ake. Ngozi ikachitika, jambulani zithunzi pamalopo, tengani lipoti la apolisi ndi la kuchipatala, dziwitsani kampani mwamsanga, ndipo musalonjeze wovulala ndalama pambali musanalankhule nawo.

Chinthu chimodzi simunatiuze, achimwene: njingayo ndi yanu kapena ndi ya abwana omwe mumawapatsa ndalama madzulo aliwonse? Ngati ndi ya abwana, third party ndi comprehensive ndi udindo wawo poti mapepala ali m'dzina lawo, koma muione ndi maso anu ndipo muwerenge tsiku lomwe ikutha. Mugwirizanenso polemba, pamaso pa atcheya a siteji, za yemwe adzalipire chipatala mukavulala. Mukatiuza zimenezo, komanso ngati pasiteji yanu pali komiti yokhazikika, ndikuthandizani kulemba mafunso oti mupite nawo ku makampaniwa.