Ulendo wa ku Zanzibar pagulu: yankho kwa achemwali a ku Chinamwali

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa achemwali ena a ku Chinamwali konkuno ku Zomba. Akuti gulu lawo la amayi lakhala likusonkha ndalama chaka chonse ndipo tsopano akupita ku Zanzibar pa basi kudzera ku Dar es Salaam. Iwowo sanatulukepo m'Malawi muno, nde akufunsa kuti atani kuti asasochere kapena kusiyidwa ndi anzawo, komanso kuti aone malo bwinobwino osati kumangothamanga pambuyo pa mtsogoleri.

Achemwali, zikomo pondilembera. Ndiyambe ndi nkhani ya nthawi chifukwa ndi imene inativuta kwambiri ife titapita. Mukangodutsa pa boda ya Songwe n'kulowa ku Kasumulu, wotchi yanu muipititse patsogolo ndi ola limodzi, Tanzania ili patsogolo pathu. Koma chachikulu si chimenecho ayi. Anzathu olankhula Chiswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, ndiye 7 koloko m'mawa kwa iwo ndi saa moja, 8 koloko ndi saa mbili, choncho mpaka madzulo. Vuto lake mawuwo amamveka ngati athu omwe, mbili, tatu, nne, tano, munthu umaona ngati wamva pomwe sunamve. Ife dalaivala anatiuza madzulo kuti abwera saa nne, amayi awiri a m'gulu mwathu anamva kuti 4 koloko masana, analawirira ku msika wa Kariakoo kukagula zitenje, galimoto inafika 10 koloko m'mawa iwo kulibe, mafoni awo osagwira poti anali asanagule simu ya kumeneko. Tinakhala panja pa hotela maola awiri mitima ili m'mwamba. Nde inu wina akakuuzani nthawi mumupatse foni alembe yekha manambala, ndipo mufunse ngati ndi nthawi ya Chiswahili kapena ya pa wotchi. Musachite nazo manyazi.

Ulendo wake ndi wautali, kuchoka ku boda kukafika ku Dar ndi tsiku lathunthu muli pampando. Yesetsani kukhala kuwindo chifukwa msewu umadutsa mkati mwa nkhalango ya Mikumi, nyamalikiti ndi mbidzi mumatha kuziona muli m'basi momwemo osalipira kanthu. Kwacha kumeneko sigwira ntchito, musinthiretu mashilingi ndipo mukhale ndi ndalama zing'onozing'ono zanuzanu, osati zonse kusungitsa kwa msungichuma wa gulu. Pasipoti nayo ikhale pathupi panu m'kachikwama ka m'khosi. Visa ife Amalawi sitifunika, koma kuyambira mu Okutobala 2024 boma la Zanzibar limafuna kuti alendo agule inshuwalansi ya komweko, afunseni amene akukonza ulendowo ngati anaiwerengera kale pa ndalama munasonkha zija.

Boti lochoka ku Dar kupita ku chilumba cha Zanzibar limatenga pafupifupi maola awiri. Musaganize za mabwato athu a ku Kachulu opita ku Chisi, ili ndi lalikulu la mipando ngati ya m'ndege, koma nyanja yake ili ndi mafunde, ngati mumachita chizungulire musadye zamafuta m'mawa umenewo. Pa doko pamakhala anyamata ambiri olimbirana katundu, musalole wina kunyamula chikwama chanu musanagwirizane mtengo. Mukafika tsidya linalo pasipoti amaionanso ngakhale mudakali m'dziko lomwelo, isakhale pansi pa chikwama.

Tsopano Stone Town, tauni yakale ya ku Zanzibar. Kunena zoona kusochera musochera ndithu, tinjira take n'topapatiza moti galimoto siilowa, nyumba zazitali mbali zonse ndipo zimafanana. Koma tauni yakaleyo ndi yaing'ono, simungatayike mpaka kalekale. Mukangofika tengani kakhadi ka hotela kapena jambulani chikwangwani chake pa foni, ndipo gulu lonse mugwirizane malo amodzi okumanirana. Ife tinasankha pa Forodhani, m'mbali mwa nyanja pafupi ndi Old Fort, pamene madzulo amawotcha nsomba ndi nyama. Aliyense amapadziwa, ngakhale mwana akulozerani. Muziyenda awiriawiri ndipo mnzanuyo akhale yemweyo ulendo wonse, pokwera galimoto aliyense aone ngati mnzake alimo, zimaposa kudalira mtsogoleri mmodzi kuwerenga mitu atatopa. Anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu, zimenezi kwa ife a ku Zomba si zachilendo, chitenje chanu ndi bulauzi yobisa mapewa basi mwatha. Osajambula munthu musanamupemphe.

Pa funso lanu lachiwiri lija ndikupemphani chinthu chimodzi. Maulendo apagulu amakonda kudzaza pulogalamu, m'mawa kuminda ya zokometsera zakudya kukanunkhiza ma clove, masana ku Prison Island kukaona akamba akuluakulu aja, madzulo kunyanja. Zonsezo n'zabwino, pitani. Koma ku tchalitchi cha Anglican cha ku Mkunazini musalole kuti akupatseni mphindi khumi zokha. Tchalitchicho anachimanga pamalo pamene panali msika wa akapolo umene unatsekedwa mu 1873, ndipo ambiri mwa anthu ogulitsidwa pamenepo anachokera kwathu kuno, kuwolotsedwa nyanja pa Nkhotakota n'kuyenda pansi mpaka ku Kilwa. Amishoni amene anachimanga ndi a UMCA, bungwe la mishoni la Anglican lochokera ku Britain, omwe aja anayamba ku Magomero kufupi ndi kwathu kuno mu 1861 ndi Bishopu Mackenzie, zinthu zitavuta anasamukira ku Zanzibar mu 1864. Mkatimo muli mtanda wosemedwa ku mtengo wa ku Chitambo ku Zambia umene pansi pake anakwirira mtima wa David Livingstone.

Pambali pa tchalitchicho pali tizipinda tapansi timene otionetsa malo anati ankasungiramo anthu podikira tsiku la msika. Denga lake n'lotsika, ine ndinachita kuwerama, kuwala kumangolowera pa timipata ting'onoting'ono ta m'khoma. Mayi wina wachikulire wa m'gulu mwathu anakhala pansi pa simenti paja osalankhula, kenako anayamba nyimbo ya maliro chapansipansi, tonse tinangopezeka tikuyimba nawo. Wotionetsa malo uja anaima pakhomo kutidikira mpaka tinamaliza.

Nde musananyamuke, pa msonkhano wanu womaliza ku Chinamwali, imikani dzanja mupemphe kuti tsiku la ku Mkunazini alipatse ola lathunthu kapena kuposa, ndipo alembe pa pulogalamu mukuona. Mukabwerako mundilemberenso achemwali, ndikufuna ndidzamve mmene mwayendera.