Malume akulipira fizi, nanga kosi asankhe ndani?

Mtsikana wina amene wakhoza bwino MSCE wafunsa: akufuna kukaphunzira zaulimi ku yunivesite ya LUANAR, koma malume ake, amene akhala akumulipirira fizi, mtima wawo uli pa unamwino. Sanamukanizepo poyera. Akangotchula za ku Bunda, komwe kuli sukuluyi, iwo amangoti "tidzaona", kenaka ndalama ya mwezi umenewo imachedwa kufika.

Mwanangu, "tidzaona" ameneyo ndi yankho kale, ndipo mphamvu yake yagona pa kusanenedwa. Ntchito yako ndi kuitulutsira poyera nkhaniyi mwaulemu, usanatumize fomu ya ku NCHE, bungwe loyendetsa ntchito yosankha ophunzira opita ku mayunivesite a boma.

Yamba ndi magiredi ako. Kuti ulowe yunivesite ya boma pamafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, koma kosi iliyonse ili ndi zofuna zake. Unamwino wa ku KUHeS, yunivesite ya boma ya zaumoyo, umayang'ana kwambiri Biology ndi masayansi ena. Ngati kumeneko sunachite bwino, mkangano watha wokha, ungowaonetsa malume pepalalo.

Ngati magiredi akulola mbali zonse, usapite wekha. Tenga mayi kapena azakhali amene malume amawamvera. Thokozani kaye pa zimene achita, kenaka funsani zinthu zitatu: adzalipira chiyani, kwa zaka zingati, ndipo thandizolo lidzapitirira kodi ukasankha zaulimi? Funso lachitatuli ambiri amaliopa, komatu ndi limene limamasula. Nthawi zambiri wolipira sadana ndi kosi yeniyeniyo, amaopa kuti mwana adzakhala pakhomo ndi digiri m'manja. Choncho pita utadziwa kumene omaliza zaulimi amalembedwa ntchito: ku unduna wa zamalimidwe, m'makampani a mbewu ndi feteleza, m'mabungwe ogwira ntchito ndi alimi.

Akakana, funsira ngongole ku bungwe la HESLGB, lomwe limathandiza ophunzira osowa. Ndi ngongole ndithu, udzabweza ukamaliza, ndiponso si aliyense wofunsira amene amapatsidwa, kotero usathetse ubale ndi malume podalira ndalama imene sunailandire.

Pena pamalakwika pa zinthu zazing'ono. Fomu lemba wekha, pa nambala ya foni ndi imelo ikapo zako, ndipo chitupa cha unzika ndi satifiketi usunge wekha. Mwana amene fomu yake inalembedwa ndi wina amadzidzimuka mayina atatuluka, ndipo kusintha kosi utasankhidwa kale n'kovuta. Wina amangolowa kosi yosaifunayo poopa kukhumudwitsa akuluakulu, mayeso n'kumuvuta, n'kuchotsedwa chaka choyamba. Apo ndalama za malume zapita, malo atayika.

Inu makolo ndi amalume, ngati thandizo lanu lili ndi malire, nenani mwana asanalembe fomu. Muuzeni ndalama zimene mungakwanitse pa chaka ndi chifukwa chimene mukukondera kosi inayo, kenaka mumufunse zimene iye wafufuza.