Ndikufuna kukalalikira kunja koma abusa akuti ndidikire kaye, nditani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene amawerenga zomwe ndimalemba, dzina sinditchula poti sanandiuze kuti nditero. Imeloyo inali yaitali ndithu koma mwachidule nkhani yake ndi iyi: ali ndi zaka 27, ndi namwino, ndipo kwa zaka ziwiri tsopano mtima wawo ukungowakankha kuti akatumikire Mulungu kudziko lina komwe anthu ambiri sanamvepo za Yesu. Pa gulu lina la pa WhatsApp apezana ndi munthu amene akuti akhoza kuwakonzera viza ya anthu ongokaona malo, akangolipira kenakake, ndiye akafika uko Mulungu akaona yekha. Abusa awo atamva awauza kuti adikire kaye. Funso lawo ndi lakuti, ndikamvera abusa sindiye kuti ndikukana maitanidwe? Ndipo ngati ndiyenera kupitadi, ndiyambire pati?

Achemwali, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani yapamtima chonchi. Ndiyambe ndi za munthu wa pa WhatsApp uja poti zimenezo sizifuna kusala kudya kuti mudziwe yankho. Musamupatse ndalama, musamutumizire chithunzi cha pasipoti yanu, basi. Viza ya alendo ongoona malo pafupifupi kulikonse siilola munthu kugwira ntchito, ndipo m'maiko ambiri siilolanso kugwira ntchito ya mpingo, ndiye tsiku loyamba lenilenilo mudzakhala mutayamba utumiki wanu ndi kunamiza ofesala wa pa eyapoti. Komanso njira imeneyi, yakuti lipirani tikukonzerani zonse mukafika mukaona, ndi yomweyo imene ozembetsa anthu amagwiritsa ntchito, munthu kufika uko kulandidwa pasipoti n'kudzipeza ali m'nyumba ya eni akugwira ntchito yosalipidwa. Sindikunena kuti ameneyo ndi wotero, sindimudziwa, koma munthu woona wa mishoni amayamba wafunsa za mpingo wanu ndi abusa anu, za ndalama zimabwera pambuyo. Maiko omwe ali ndi viza ya antchito achipembedzo amafuna pakhale bungwe kapena mpingo wakuitanani, ku UK pamafunika sponsa wovomerezeka ndi boma, ku America viza yake ya R-1 imafuna kuti mukhale mwakhala membala wa mpingowo zaka ziwiri.

Tsopano nkhani yeniyeni. Ine mmene ndikuonera, ambirife tikamaganiza za kukalalikira kunja timaona ndege, kenako timadziona tili pagome maiki ili m'manja anthu akukweza manja. Pakati pa ndegeyo ndi manjawo pali zaka zambiri zomwe palibe amazijambula n'kuziika pa Facebook, zaka zokhala ngati mwana, osatha kufunsa ndi njira yomwe, ana akukuseka mmene ukutchulira mawu awo. Mmishonale wa ku England William Carey anafika ku India mu 1793, munthu woyamba kubatizidwa, Krishna Pal, anabatizidwa mu December 1800. Zaka 7 zimenezo, ndipo pakatipo anaika m'manda mwana wake Peter wa zaka zisanu, mkazi wake Dorothy n'kudwala matenda a maganizo osachiranso mpaka imfa. Adoniram Judson anafika ku Burma mu 1813, woyamba kubatizidwa mu 1819, ndipo Baibulo lonse m'chiyankhulo cha kumeneko analimaliza kumasulira mu 1834, atakhalapo kale m'ndende chaka ndi miyezi ingapo. Robert Morrison ku China chimodzimodzi, kufika 1807, wobatizidwa woyamba 1814. Anthuwa sanali aulesi kapena osapemphera ayi, nthawi yonseyo anali pa chiyankhulo ndi kuphunzira mmene anthuwo amaganizira. Paja akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndikuuzeni zanga zomwe zimandichititsabe manyazi. Zaka zapitazo ndinapitako ndi gulu lina kudziko lina kwa masabata atatu, tinkalalikira kudzera mwa otanthauzira, madzulo aliwonse tikuwerenga manja omwe akwezedwa n'kumalemba m'kope, kubwerera kwathu lipoti lili lokoma mpingo wonse kuombera m'manja. Patapita chaka ndinacheza pa foni ndi m'busa wa kumeneko amene anatilandira, ndinamufunsa kuti anthu aja akupitirira bwanji. Anaseka kaye, kenako anandiuza mwaulemu kuti anthu omwewo amakweza manja gulu lililonse la alendo likabwera, poti kwawoko kumusiya mlendo ataima yekha kutsogolo popanda womuyankha ndi mwano. Ndiye ife tinkawerenga ulemu wa anthu n'kumautcha kutembenuka mtima. Anandiuzanso kuti otanthauzira uja nthawi zina ankasiya zomwe ndikunena n'kumalalikira zake chifukwa zitsanzo zanga sizimamveka kumeneko, ndipo pena ndimaganiza kuti mwina ulaliki wake unali wabwino kuposa wanga. Sindikunyoza maulendo afupiafupi, amatsegula maso a wopitayo, koma mlendo ndi mame, ntchito imatsalira omwe amakhala komweko.

Pa funso lanu loti kumvera abusa ndi kukana maitanidwe kapena ayi, tsegulani Machitidwe 13. Barnaba ndi Saulo sanangodzuka n'kunyamula zikwama, Mzimu anayankhula ku mpingo wa ku Antiokeya uli pakati popemphera ndi kusala kudya, mpingowo ndi umene unawasanjika manja n'kuwatumiza, ndipo atamaliza ulendo anabwerera komweko kukafotokoza zomwe zachitika. Chinanso chomwe timachidumpha, kuchokera pamene Saulo anakumana ndi Yesu panjira ya ku Damasiko kufika tsiku limenelo panadutsa zaka zopitirira 10, zina ali phee kwawo ku Tariso, chaka chathunthu akuphunzitsa ku Antiokeya komweko. Munthu amene anamva mawu kuchokera kumwamba ndi makutu ake anadikira chonchi, ndiye zaka zanu ziwirizi musazione ngati mwachedwa.

Koma ndisakunamizeni kuti abusa salakwa. Alipo ena amati dikirani chifukwa akuona kuti simunakonzeke, ena amati dikirani chifukwa ndinu amene mumatsogolera kwaya ndi Sande sukulu ndipo sakufuna kutaya munthu wodalirika, enanso sanaganizepo n'komwe kuti mpingo wawo ungatumize munthu kunja, kwa iwo mishonale ndi mzungu basi. Pomwe George Liele, munthu wakuda amene anali kapolo ku America, anali atayamba kale kulalikira ku Jamaica zaka pafupifupi 10 Carey asanakwere sitima. William Koyi, Mxhosa wochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, anabwera ndi mishoni ya Livingstonia mu 1876 ndipo ndi iyeyo amene anatsegula khomo kwa Angoni chifukwa chiyankhulo chake chinali chofanana ndi chawo, zomwe azungu aja sakanatha, anamwalira ali pantchito yomweyo mu 1886. David Kaunda, bambo ake a Kenneth Kaunda, anatumidwa kuchokera ku Livingstonia kupita ku Chinsali pakati pa Abemba. Lero lino mabungwe ngati CAPRO, lomwe linayambira ku Nigeria mu 1975, akutumiza anthu a mu Africa muno kumaiko ena. Ndiye maganizo oti ife ndi ongolandira amishonale ndi akalekale. Ena amakonda kutchula Gladys Aylward, wantchito wa m'nyumba ku London amene bungwe la China Inland Mission linamukana, n'kusunga yekha ndalama mpaka kukwera sitima ya pamtunda kudutsa Siberia. Zoona anapita, koma amaiwala kunena kuti uko ku Yangcheng kunali mayi wachikulire, Jeannie Lawson, amene ankamudikira ndipo anali ndi ntchito yoti amupatse. Sanapite kopanda womulandira.

Njira yodziwira kuti kudikira kwa abusa anu n'kotani ndi yosavuta, bwereraniko mukawafunse mwaulemu kuti abusa, ndidikire mpaka liti, ndipo podikirapo ndizichita chani? Ngati ali ndi yankho, kaya akuti pitani kaye kozi ya Baibulo, kaya tumikirani kaye pano chaka tikuoneni, kaya tiyeni tilembere limodzi ku bungwe la mishoni, amenewo akukukonzani ndipo gwiranani nawo. Ngati angoti dikirani basi chaka ndi chaka, pempho lanu mulitengere kwa akulu ampingo kapena ku likulu la mpingo wanu, poyera, iwo akudziwa, osati mozemba.

Pali funso lina lomwe mwina likupwetekani koma ndi bwino ndikufunseni ine kusiyana n'kuti mudzadzifunse nokha muli kutali mukulira. Bungwe litakuuzani kuti malo alipo koma ndi kumudzi kotentha, kopanda magetsi, netiweki ya foni mpaka kukwera phiri, m'dziko losauka kuposa lanu, mtima uja ukhalabe ukugunda chimodzimodzi? Ndafunsa chifukwa ndaonapo maitanidwe ambiri omwe amangoloza ku London, Toronto ndi Dallas. Kufuna moyo wabwino si tchimo, munthu akhoza kupita kunja kukagwira ntchito n'kukhala Mkhristu wabwino kumeneko, koma tizitchula zinthu ndi maina ake. Ndipo ngakhale omwe anapitadi ku Ulaya ndi mtima wolalikira, ambiri amathera kusonkhanitsa anzawo ochokera kwawo komweko, nyimbo zakwawo, chiyankhulo chakwawo, eni dziko akungodutsa panja. Mpingo wotero ndi wofunika kwa omwe ali kutali ndi kwawo, koma si zomwe inu mwandilembera.

Inu muli ndi mwayi womwe alaliki ambiri alibe, unamwino. Maiko ambiri omwe mukuwaganizirawo sapereka viza kwa mlaliki koma namwino, mphunzitsi kapena injiniya amamulandira. Paulo naye ku Korinto ankasoka mahema pamodzi ndi Akula ndi Priskila, nthawi zina n'kumalandira thandizo kuchokera ku mpingo wa ku Filipi, zonse ziwiri anazichita osachita nazo manyazi. Koma chonde ntchitoyo ikakhale ntchito yeniyeni, mulembetse ku bungwe loona za anamwino la dzikolo, mulembe mayeso awo ngati alipo, ndipo mukagwire bwino kuposa wina aliyense. Wodwala asadzamve ngati kuti alandire jakisoni akuyenera kumvera kaye ulaliki, zimenezo ndi kugula anthu ndipo ndi zomwe zapangitsa kuti m'malo ambiri mawu oti mishonale azinunkha.

Malamulo nawo muwadziwe musanasankhe dziko. Ku Nepal lamulo lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018 limati wotembenuza munthu chipembedzo akhoza kumangidwa mpaka zaka zisanu, mlendo n'kuthamangitsidwa. Ku Russia kuyambira 2016 kulalikira kunja kwa malo ovomerezeka popanda mapepala ndi mlandu. Zigawo zingapo za India zili ndi malamulo awoawo oletsa kutembenuza anthu. Ndipo chomwe alendo timaiwala n'chakuti zikavuta iwe amangokukweza ndege, otsala ndi moto ndi Akhristu a komweko omwe alibe kothawira. Mu 2007 a Taliban anagwira anthu 23 a mpingo wina wa ku South Korea ku Afghanistan, awiri anaphedwa. Mu 2018 mmishonale wa ku America John Allen Chau anaphedwa pachilumba cha North Sentinel komwe boma la India limaletsa munthu aliyense kufikako, asodzi omwe anamuperekeza ndi amene anamangidwa. Za kulimba mtima kwa anthuwa sindikutsutsa, koma musanachite chilichonse m'dziko la eni funsani abale a kumeneko kuti chothandiza n'chiyani ndipo chowaika m'mavuto n'chiyani, safunsa anadya phula.

Za ndalama mwachidule: musanyamuke musanadziwe amene azilipira lendi, inshuwalansi ya chipatala, sukulu ya chiyankhulo ndi tikiti yobwerera zikavuta. Malonjezo a pa tsiku lotsanzikana amatha pakangopita miyezi itatu, ndiye zikhale zolembedwa ndipo mpingo uziike mu bajeti.

Ndiye poyambira ndi apa. Sankhani mtundu wa anthu omwe mtima wanu uli pa iwo, osangoti kunja, ndipo muyambe chiyankhulo chawo mwezi uno, pa intaneti zophunzirira zilipo zambiri zaulere. Fufuzani ngati komwe mukukhalako kuli anthu ochokera kumeneko, amalonda, ophunzira, othawa kwawo, kapena odwala omwe amabwera pa wodi yanu osamva chiyankhulo chanu, mupange nawo ubwenzi weniweni woti mumadziwa maina a ana awo, osati wongofuna kuwalalikira. Ngati zimenezi zikukutopetsani muli kwanu, uko zidzakutopetsani kakhumi. Lemberani mabungwe odziwika a mishoni monga SIM, OM, YWAM kapena Wycliffe ngati mumakonda zomasulira Baibulo, mufunse maofesi awo enieni osati munthu wa pa gulu la WhatsApp, ndipo musadabwe akakufunsani kalata ya abusa anu, zotsatira za kuchipatala ndi mafunso ambirimbiri okhudza banja lanu. Makolo anunso muwauze msanga, makamaka ngati pali amene amadalira malipiro anu, nkhani imeneyo mu imelo yanu simunaitchule ndipo ndikufuna ndimve. Mukakaonana ndi abusa mundilemberenso kuti ayankha chani pa funso la mpaka liti lija.