Kodi Nthambi za Kemisitiri Zikadali ndi Malire?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa wowerenga wina amene akumaliza chaka chachiwiri cha maphunziro a kemisitiri ku yunivesite. Aphunzitsi ake amuuza kuti asankhe nthambi imodzi pakati pa organic, inorganic, physical ndi materials chemistry, koma iye akuti akamawerenga za kafukufuku wa masiku ano amalephera kuzindikira kuti ntchito imene akuwerengayo ili mu nthambi iti. Ndiye akufunsa ngati magawo amenewa akadali ndi tanthauzo, komanso kuti munthu wofuna kudzachita kafukufuku aike mtima pa chiyani. Ndikuyankhani inu amene munalemba, ndipo ndikukhulupirira kuti ena apindulanso.

Zimene mwaonazo n'zoona, ndipo sikuti simunamvetse zimene mumawerenga. Magawo amenewa ndi othandiza pophunzitsa, chifukwa munthu sangaphunzire zonse nthawi imodzi. Organic imayang'ana mamolekyulu omangidwa pa kaboni, inorganic imayang'ana zitsulo, michere ndi zina zonse zotsala, physical imafunsa chifukwa chimene zinthu zimasinthira, liwiro lake ndi mphamvu imene imalowa kapena kutuluka, pomwe materials imafuna kupanga zinthu zolimba zokhala ndi ntchito yodziwika. Koma malire amenewa anayamba kugwedezeka kalekale. Mu 1828 Friedrich Wöhler anapanga urea, chinthu chopezeka mumkodzo, kuchokera ku mchere wotchedwa ammonium cyanate, ndipo kuyambira pamenepo kunali kovuta kunena kuti za zamoyo zili kwaokha ndipo za miyala zili kwaokha.

Chitsanzo chimene ndikufuna tikhalitsepo ndi cha zinthu zotchedwa metal-organic frameworks, zimene mwachidule amati MOF. Dzina lenilenilo likusonyeza kale kuti nthambi ziwiri zakumana. Maatomu a chitsulo amakhala ngati mfundo za nyumba, ndipo mamolekyulu a organic amakhala ngati mitanda yolumikiza mfundozo, moti pamapeto pake pamatuluka kristalo yodzaza ndi timipata tolinganizidwa bwino. Richard Robson wa ku yunivesite ya Melbourne ndiye anasonyeza mu 1989 kuti izi n'zotheka, pogwiritsa ntchito kopa ndi molekyulu ya manja anayi, ndipo chimene chinatuluka chinali ndi kamangidwe konga ka dayamondi koma chokhala ndi malo ambiri opanda kanthu mkati. Chinali chosalimba, ndipo ambiri sanachione ngati chaphindu. Susumu Kitagawa wa ku Japan anasonyeza mu 1997 kuti mpweya ungathe kulowa ndi kutuluka m'timipata timeneti popanda nyumbayo kugwa, kenako Omar Yaghi mu 1999 anapanga MOF-5 kuchokera ku zinki ndi asidi ya terephthalic. Magalamu owerengeka okha a ufa umenewu ali ndi malo a mkati aakulu ngati bwalo la mpira. Atatuwa analandira mphoto ya Nobel ya kemisitiri mu 2025.

Tsono taonani mmene ntchitoyo imagawikira. Wopanga mtanda uja, kuutalikitsa kapena kuikapo kagulu ka maatomu kokoka carbon dioxide, akuchita organic. Wosankha chitsulo ndi kudziwa kuti chigwira mitanda ingati ndiponso moloza mbali iti akuchita inorganic. Woyeza kuchuluka kwa mpweya umene ufawo wameza pa kutentha kwakutikwakuti, ndi mphamvu yofunika kuti mpweyawo utulukenso, akuchita physical. Ndipo amene akufunsa ngati ufawo ungaumbidwe kukhala tinthu tolimba toika m'fakitale n'kugwira ntchito zaka zambiri ndiye wa materials. Kawirikawiri zonsezi zimachitika mu labotale imodzi, mwinanso ndi wophunzira mmodzi yemweyo.

Chimene chimandikopa mtima kwambiri pa nkhani ya MOF si kukula kwa malo a mkati aja, ngakhale kuti ndi amene amatchuka. Ndi nkhondo yolimbana ndi madzi. MOF-5 imaonongeka ikakhala mu mpweya wachinyezi, chifukwa madzi amadula mgwirizano wa zinki ndi mitanda yake, ndipo utsi wa m'mafakitale umakhala ndi chinyezi nthawi zonse. N'chifukwa chake MOF ina yotchedwa UiO-66, imene inapangidwa ku yunivesite ya Oslo mu 2008 pogwiritsa ntchito zirconium, inali yofunika kwambiri ngakhale kuti malo ake a mkati ndi ochepa poyerekeza ndi MOF-5: zirconium imagwira mitanda yake mwamphamvu ndipo madzi saigonjetsa msanga. MOF inanso yotchedwa CALF-20, ya ku yunivesite ya Calgary, yayesedwa kale pogwira carbon dioxide pa fakitale yopanga simenti, ndipo gulu la Yaghi lasonyeza kuti mitundu ina ya MOF imameza chinyezi cha usiku m'chipululu n'kutulutsa madzi akumwa dzuwa likaiotha. Pamenepa madzi amene anali mdani asanduka chokolola, ndipo chasintha ndi kumvetsa bwino mphamvu ya mgwirizano wa pakati pa chitsulo ndi mtanda.

Nkhani yofanana nayo ili pa ma sola a perovskite. Dzinali linachokera ku mwala umene unapezeka kumapiri a Ural mu 1839, koma masiku ano limatanthauza kamangidwe ka kristalo, osati mwalawo ayi. Mu 2009 gulu la Tsutomu Miyasaka ku Japan linaika methylammonium lead iodide mu selo ya sola, ndipo inasandutsa 3.8 peresenti ya kuwala kukhala magetsi, koma inkasungunuka m'kanthawi kochepa m'madzi a mankhwala amene anali mu seloyo. Mu 2012 magulu ena, kuphatikizapo la Henry Snaith ku Oxford ndi la Nam-Gyu Park ku Korea, anachotsa madziwo n'kuikamo chinthu cholimba, ndipo anafika pafupifupi 10 peresenti. Lero maselo a mu labotale adutsa 26 peresenti, ndipo perovskite ikaikidwa pamwamba pa silikoni, ziwirizi pamodzi zadutsa 33 peresenti, pomwe silikoni payokha singapitirire pafupifupi 29 peresenti. Ziwirizi zimapambana zikakhala pamodzi chifukwa perovskite imatenga kuwala kwa mphamvu zambiri, monga kwa buluu, ndipo silikoni pansi pake imatola kuwala kofiira kumene kwadutsa.

Apanso chinthucho ndi chosakanikirana: methylammonium ndi organic, pomwe mtovu ndi iodine ndi inorganic. Ndipo apanso vuto lalikulu ndi kukhalitsa. Kutentha kumathamangitsa methylammonium, chinyezi chimaphwasula kristalo, ndipo ma ion a iodide, amene ndi maatomu a iodine okhala ndi mphamvu ya magetsi, amayendayenda mkati kuwala kukawomba, zimene zimachititsa kuti selo isinthe khalidwe pakapita nthawi. Ofufuza akuyesa kuika formamidinium ndi caesium m'malo mwa methylammonium, komanso kuphimba pamwamba pa kristalo ndi mamolekyulu oteteza. Ma sola a silikoni amagulitsidwa ndi lonjezo la zaka 25, ndipo perovskite iyenera kufika pamenepo kuti anthu aikhulupirire. Palinso nkhani ya mtovu, umene ndi poizoni. Ine sindigwirizana ndi amene amaichepetsa ponena kuti mtovuwo ndi wochepa, pakuti funso la kumene udzapite sola ikasweka kapena ikatha ntchito liyenera kuyankhidwa zinthuzi zisanafalikire.

Mukayang'ana ku mabatire mupezanso zomwezi, kaya ndi a lithium amene anapatsa John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino mphoto ya Nobel mu 2019, kaya ndi a sodium amene akufufuzidwa chifukwa sodium ndi yosavuta kupeza. Chimodzimodzinso kafukufuku wofuna kupanga ammonia ya feteleza popanda kutentha kwa madigiri oposa 400 kumene njira ya Haber ndi Bosch, imene mafakitale amapangira ammonia, imafuna.

Nanga musankhe chiyani? Sankhani nthambi imene manja anu amasangalala nayo, chifukwa masiku ambiri a wofufuza amathera pa ntchito ya manja, kaya kusakaniza ndi kusefa mankhwala, kukulitsa makristalo, kapena kukhala pa makina oyezera ndi pa kompyuta. Mukufunika kudziwa nthambi imodzi mozama kuti mukhale ndi choti mupereke kwa anzanu. Koma ngati mukufuna maganizo anga, musanyalanyaze physical chemistry ngakhale mutasankha ina. Ophunzira ambiri amaithawa chifukwa cha masamu, komatu mafunso onse amene ndatchula pamwambapa, akuti n'chifukwa chiyani madzi amaononga MOF iyi n'kusiya inayo, kapena n'chifukwa chiyani iodide imayenda mu kristalo, amayankhidwa ndi thermodynamics ndi kinetics, magawo a physical chemistry oona za mphamvu ndi liwiro la kusintha kwa zinthu. Phunziraninso kuwerenga zotsatira za X-ray diffraction, NMR ndi electron microscope, pakuti zida zimenezi, zimene zimaonetsa kamangidwe ka mamolekyulu ndi makristalo, zimagwiritsidwa ntchito m'nthambi zonse zinayi.

Pakali pano yesani izi pa pepala la kafukufuku limene mudzawerenge mawa. Mukaona nambala yaikulu pa mutu wake, pitani kumene alongosola mmene anayesera, ndipo mufufuze kuti chinthucho anachiyesa kwa maola angati, pa kutentha kotani, mu mpweya wouma kapena wachinyezi, ndiponso kuti chinali chachikulu bwanji, chifukwa maselo ambiri a perovskite amene amatchuka ndi manambala apamwamba ndi ang'onoang'ono kuposa chikhadabo. Mukatero mundilemberenso zimene mwapeza, ndipo mutchule nthambi imene funso lotsala m'pepalalo likufunikira kuti liyankhidwe.