Funsani Azakhali: Ndikagulitse madengu anga ku Kulamba?

Funso

Azakhali, ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala kwa Maganga kuno ku Salima. Ndimaluka madengu, mikeka ndi zipewa za mlaza, ndipo ndimayala m'mbali mwa msewu wopita ku Senga Bay. Chaka chino malonda sakuyenda, azungu sakuima ngati kale. Mnzanga wandiuza kuti ku Kulamba kumasonkhana chinamtindi cha anthu moti chilichonse chimatha. Ndikufuna kukongola ku banki m'khonde kuti ndinyamule katundu yense amene wadzaza m'nyumba. Bambo akunyumba amasema ziboliboli ndi tinkhope ta gule, akuti ndiwatengereko. Sindinatulukepo m'dziko muno. Ndipite?

Nabanda, Salima

Yankho

Pitani, aNabanda, koma katundu yense wa m'nyumbayo musamunyamule, ndipo ngongoleyo muidule pakati.

Ine ndinapitako kawiri ndi malonda. Ulendo woyamba ndinachita zomwe mukufuna kuchitazi. Ndinamanga madengu akuluakulu 30, aja osungiramo zovala okhala ndi chivindikiro, amene apa Senga Bay mzungu amagula osanenerera. Ndinabwerera nawo 24. Zipewa ndinatenga 40 zokha, ndinkangofuna kutsekera mipata m'matumba, koma zinatha Lachisanu dzuwa lisanafike paliwombo. Loweruka lonse ndinakhala pamkeka kuyang'ana anthu akudziphimba kumutu ndi makatoni, ine ndili ndi madengu amene palibe ankawafuna.

Mnzanuyo sananame za chinamtindi. Kulamba amachitikira ku Mkaika, pafupi ndi Katete m'dziko la Zambia, Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti, pamene mafumu a Achewa a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amakagwada kwa Kalonga Gawa Undi, kupereka mphatso ndi kufotokoza momwe anthu awo akukhalira. Atsamunda anauletsa mwambowu mu 1934, ndipo unadzayambiranso mu 1984. Inu a ku Salima musadzione ngati alendo kumeneko: likulu la a Kalonga akale linali ku Mankhamba, apa pafupi ndi Mtakataka, pomwe minibasi ya ku Golomoti imadutsa tsiku ndi tsiku.

Chimene mnzanuyo sanakuuzeni ndi mtundu wa anthu ake. Ambiri ndi anzathu a kumudzi, obwera pa lole atapanikizana ngati matumba a chimanga, ndalama yawo itamangidwa pa nsonga ya chitenje ndipo itawerengedwa kale: ya nsima, ya madzi, yotsala yogulira mwana kanthu. Munthu wotere akafuna kugula amayamba waganiza kuti akachiika pati pa lole pobwerera. Dengu lalikulu alibe poliika. Chipewa amavala pomwepo, chifukwa kumapeto kwa Ogasiti dzuwa la pabwalo limaswa mtengo ndipo mthunzi ndi wa mafumu ndi akuluakulu a boma. Kamkeka kakang'ono kokhalira munthu mmodzi amakapinda n'kukaika m'khwapa, popeza pansi pake ndi fumbi lokhalokha. Zokupizira mphepo, tinsengwa, timadengu tolowetsana tina mkati mwa tinzake, mikanda ya m'khosi ndi ya pamkono, izi ndizo zimayenda. Ngati mwatsala ndi miyezi iwiri, siyani kuluka zazikulu, mlaza wonsewo upite ku zipewa ndi timikeka. Madengu aakulu tengani asanu okha oti malo anu aoneke patali.

Tinkhope ta bambo tisiyeni kunyumba. Ndikunena izi ndili ndi chisoni chifukwa ndikudziwa kuti anavutikira, koma ku Mkaika eni ake a gule amakhala pomwepo, ochokera m'madambwe a maiko atatu. Mayi woyala nkhope za gule pamkeka ngati tomato akhoza kulipitsidwa, kapena kuchita manyazi amene sadzawaiwala. Zoti bungwe la UNESCO linazindikira Gule Wamkulu mu 2005 sizinasandutse gule kukhala malonda a aliyense. Ziboliboli zina, za njovu, mvuu kapena mayi wosenza mtsuko, palibe mwambo woletsa, koma pamalire zosema za mtengo saziona ngati mlaza. Bambo apite okha ku ofesi ya zankhalango pa boma akatenge chilolezo chotulutsira, apo ayi zikatsala pamalire. Komanso n'zolemera, ndipo kondakitala amayamba wanyamula thumba asanatchule mtengo wa katundu.

Njira yake ndi yaitali koma yosasokoneza. Kuchoka ku Salima kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100, kenako msewu wa ku Mchinji mpaka pamalire a Mwami, kenako Chipata, kenako Katete pa msewu waukulu wopita ku Lusaka. Zonse pamodzi zimapitirira makilomita 300. Mukayenda pa minibasi mudzatsitsa ndi kukweza katundu kanayi, ndipo paliponse pali anyamata ofuna yonyamulira. N'chifukwa chake ndimati musapite nokha. Funsani kwa amfumu kapena kwa a Chewa Heritage Foundation a m'dera lanu ngati pali galimoto yopita, kapena sonkhanani amayi anayi asanu, wina wa mikanda, wina wa zipande, mugawane mtengo wa galimoto. Kumenekonso mudzafuna wokuyang'anirani katundu mukapita kukasaka madzi.

Pamalire pamafunika zinthu ziwiri, chiphaso chanu ndi mapepala a katundu. Za chiphaso pitani ku Immigration mwezi wathunthu ulendo usanafike, musakayambire pa Mchinji. Za katundu musaope ngati momwe ndinaopera ine. Kuyambira mu 2022 maofesi a maiko awiriwa ali pamalo amodzi, ndiye simuyendanso kawiri. Palinso ndondomeko ya COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a chigawo chino cha Africa, ya amalonda ang'onoang'ono, yotchedwa Simplified Trade Regime, ya katundu wosapitirira madola 2,000 amene ali pa mndandanda womwe maiko awiriwa anagwirizana. Mapepala ake ndi afupiafupi, ndipo pamalire pomwepo pali desiki yothandiza amalonda. Yambirani pamenepo, muonetse katundu wanu, akuuzeni zoyenera kulipira. Lembani kunyumba m'kope kuti zipewa zingati, timikeka tingati, mtengo wake bwanji. Akabwera mnyamata wonena kuti akudutsitsani njira ya kutchire, mukaneni. Katundu akagwidwa kumeneko simungakadandaule kwa wina aliyense.

Tsono nkhani ya ndalama, imene inandiseketsa ndi anthu. Ndalama ya kwathu ndi kwacha, ya kwawo ndi kwachanso, koma kwacha imodzi ya Zambia ndi makwacha athu makumi angapo. Anzathuwo anachotsa maziro atatu pa ndalama yawo mu 2013. Bambo wina wa ku Petauke atandifunsa kuti "ni zingati ici?" ine ndinayankha mwachizolowezi cha pa Senga Bay kuti faivi sauzande. Anaika dengulo pansi mwaulemu ngati dzira, n'kundifunsa ngati mkati mwake muli mbuzi. Musanayale, khalani pansi musinthe mitengo yonse, chinthu chilichonse chikhale ndi mitengo iwiri m'mutu mwanu, chifukwa Amalawi anzanu adzakupatsani ya kwathu. Khalani ndi ndalama zing'onozing'ono za Zambia zobwezera chenji. Mpamba wa pafoni yanu wogula wa ku Katete sangakutumizirenipo. Posintha ndalama pitani ku banki kapena ku bureau. Ine ndinasinthitsa kwa mnyamata wa m'mbali mwa msewu amene anawerenga mofulumira ngati akusewera makhadi, ndipo nditafika ku Chipata ndinapeza mapepala awiri akusowa.

Fikani Lachitatu kapena Lachinayi. Loweruka ndi tsiku la mafumu, malankhulidwe ndi magule, anthu maso amakhala kubwalo, ndipo zikangotha aliyense amathamangira lole yake. Malonda anga anayenda Lachinayi, Lachisanu ndi m'mawa wa Loweruka. Malo oyala musadzisankhire, funsani a komiti, ndipo akakulipiritsani mutenge lisiti. Pewani njira yomwe zilombo zimadutsa pochokera kudambwe. Gule akatulukira, yanulani msanga, patukani, mugwade ngati momwe mumachitira kwanu, ndipo kandalama kosupa kakhale pafupi. Izi inu a kwa Maganga sindingakuphunzitseni.

Tengani bulangete. Ife a kunyanja timaiwala kuti kumtunda usiku kumazizira, ndipo mudzagona mu msasa wa udzu kapena pa katundu wanu pomwepo. Ufa, usipa wouma ndi kapoto mutenge kunyumba, chifukwa zakudya zogula kumeneko zimadya phindu la zipewa khumi patsiku.

Za ngongole, werengani motere: yoyendera kupita ndi kubwera, ya katundu, ya chiphaso, ya pamalire, ya malo. Muphatikize, kenako mugawe ndi phindu la chipewa chimodzi. Nambala yomwe ituluke ndiyo zipewa zomwe muyenera kugulitsa musanayambe kupeza yanu. Ikapitirira theka la katundu amene mungathe kunyamula, chaka chino musapite ndi ndalama ya banki m'khonde, amayi a gulu sadzamva zoti ku Mkaika kunali fumbi. Ndalama yobwerera muisokere m'kathumba ka mkati tsiku lonyamuka, ndipo musaikhudze ngakhale zitenje za ku Chipata zikukopeni chotani.

Ulendo wanga wachiwiri ndinatenga zipewa 150, timikeka 60 ndi madengu aakulu anayi. Ndinabwerera ndi dengu limodzi lokha, ndipo ndimo ndinaikamo bulangete ndi kapoto.