Mphaka wangofooka mwadzidzidzi, ndidikire kapena ndipite naye kwa vet (dokotala wa ziweto)?

Mayi wina wandilembera imelo kuti mphaka wawo wamphongo yemwe sakhazikika pansi, kuyambira dzulo wangobisala kunsi kwa bedi, chakudya akungonunkhiza n'kuchisiya, ndiye akufunsa ngati angadikire kaye weekend idutse.

Mayi, musadikire ayi. Kugona pakokha si vuto, amphaka amagona maola 12 mpaka 16 patsiku, ndi ulesi wawo wachibadwa umenewo. Koma mphaka wabwinobwino ngakhale ali mtulo mukangogwedeza mbale yake amadzuka n'kubwera akuthamanga. Uyu wanuyu sakudzuka komanso sakudya, ndipo amphaka amabisa matenda kwambiri moti pofika poti inu muone kuti china chake chalakwika ndiye kuti zayamba kale.

Poti ndi wamphongo, choyamba onani ngati akukodza. Amphaka aamuna njira yawo ya mkodzo ndi yopapatiza ndipo imatsekeka, mumangoona akupitapita pamene amakodzera, kunjuta, kulira, kudzinyambita kumaliseche koma palibe chikutuluka kapena timadontho tokha tamagazi. Ambiri amati wadzimbidwa n'kumadikira, pamene mkodzo wadzadza m'chikhodzodzo, impso zikulephera ntchito, ndipo pakangotha tsiku limodzi kapena awiri mphaka akhoza kufa. Zimenezo ndi zonyamuka nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku.

Kenako mutukuleni mlomo muone nkhama. Zimayenera kukhala za pinki komanso zonyowa, zikakhala zotuwa, zachikasu kapena zobiriwira ngati buluu, thamangani. Muwerengenso mapumidwe ali chigonere, akamapitirira 30 pa mphindi pali vuto, ndipo akamapuma atayasamula kukamwa ngati galu ndiye zoopsa zedi, mphaka sapuma choncho. Chimodzimodzi ngati akukoka miyendo yakumbuyo ndipo yazizira, kusanza kosalekeza, kapena mukukayikira kuti wadya mankhwala a makoswe, wanyambita maluwa a lily, kapena munamuthira mankhwala a utitiri a agalu okhala ndi permethrin.

Nthawi zina chimakhala chithupsa chabe chifukwa cholumana ndi amphaka anzake, mukamusisita mupeza potupa potentha, komabe chimafunika vet. Ngati wangobayidwa katemera, kufooka kwa tsiku limodzi kapena awiri kumachitika, bola akudya pang'ono ndi kumwa madzi.

Za kusadyazi musazitenge mopepuka, makamaka ngati ndi wonenepa, pakatha masiku 2 kapena 3 osadya mafuta amayamba kuunjikana m'chiwindi n'kubweretsa matenda ena pamwamba pa oyambawo. Maola 24 osadya akwana kuti mupite naye, ndipo wanuyu wafika kale pamenepo.

Chonde chonde musamupatse panado kapena chilichonse chokhala ndi paracetamol, kwa mphaka ndi poizoni ngakhale kachidutswa kakang'ono. Muikeni mu kabokosi kokhala ndi thaulo, muimbireni vet muli m'njira, ndipo mumuuze nthawi yomwe anadya ndi kukodza komaliza.